Tinafulatira Apongozi ku Dambo la Atsekwe

Tinanyamuka pa esiteti ya tiyi mame asanakamuke, ine ndi mzungu wofufuza za mbalame zam'madzi. Anyamata othyola tiyi anali atamutcha kale Bwana Tsekwe, poti khosi lake, abale inu! Ine ndinali kapitawo, ndipo anandisankha chifukwa ndinkathyolako Chizungu.

Nkhani inali iyi: eni esiteti ankafuna kukumba ngalande, aumitse dambo la kumunsi kwa Luchenza, adzalemo fodya. Bwana Tsekwe anati akapezako zisa za atsekwe akawaletsa. Mtima wanga unali m'mwamba, chifukwa m'mphepete mwa dambolo munali dimba la apongozi anga.

Mpaka ku Luchenza tinakwera ngolo ya ng'ombe, kulipira kandalama ka sikisi munthu mmodzi. Pasiteshoni mayi wogulitsa nthochi anayang'ana magalasi oonera patali a mzunguyo.

“Kodi maso awo anatha?”

“Ayi mayi, amawerenga mbalame.”

“Akawerenga adye?”

Masana tinafika, n'kulowa m'matope mpaka m'chiuno. Dzuwa linapendeka, chisa osachiona ngakhale chimodzi. Mzungu anatseka kabuku kake. Apo ndinadziwa kuti dimba lapita.

Wodziwa dambolo anali mmodzi yekha, apongozi omwewo, amene ankadulamo mlulu wolukira mikeka. Koma mkamwini kuyang'anana ndi apongozi? Chikwatireni ndinali ndisanayankhule nawo. Ndinalimba mtima, ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango, chapatali ndi khonde lawo, nditafulatira. Mzungu wanga, poyesa kuti ndiye malonje akuno, anavula chipewa n'kukhala pambali panga, nayenso chofulatira.

Kenako ndinamva kuseka kumbuyo, kuseka kogwira nthiti.

“Iwe mtengo wa mango,” anatero apongozi, kunena ine, “uwauze bambo a Esinati kuti atsekwe saikira poponda anthu. Anditsate.”

Anatsogola okha kudutsa m'bango, ife pambuyo, maso pansi. Pakachilumba tinapeza zisa zisanu, mazira ali mbuu. Bwana Tsekwe analemba zonse m'kabuku kake.

Ngalande ija sinakumbidwe. Pobwerera m'mawa mwake tinapeza mtanga wa chimanga chachiwisi cha m'dimba uli panjira, ndipo mawu anachokera kuseri kwa nkhokwe: “Mtengo wa mango, uwauze kuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu.”

Ndinaphunzira za mbalame, inde, koma chimene ndinasenza ulendo wonse ndi mawu amenewo. Nkhope yawo sindinaiyang'ane mpaka anamwalira, ndipo ndimawasowa kwambiri.