Thalauza la Chinsalu cha Tenti

Inu amene mwakhala pansi lero n'kumati zanu zatha, senderani kuno mumve za Keziah Mhango wa ku Area 25.

M'chaka cha 1994 Keziah anabwerera kwa bambo ake ndi chikwama chimodzi, maso atatupa. Mayeso a JC anali atalephera kawiri, ndipo tsopano banja nalo linali litatha. Mwamuna wake, Luckson, ankati mkaziyu ndi wamakani. Zovala anamuponyera panja, koma mwana wawo Zipora, wa zaka zinayi, anamutsekera m'nyumba.

"Lobola ndinapereka, mwana ndi wanga," anatero Luckson pamaso pa ankhoswe. "Tsiku limene adzakhale ndi nyumba yakeyake, adzabwere adzamutenge."

Ananena akuseka, podziwa kuti mkazi wogulitsa zitumbuwa pamsika wa Nsungwi sangachite lendi ngakhale khola la nkhuku. Keziah zinamupweteka mpaka m'mafupa. Koma za makani zija Luckson sananame.

Keziah anapeza ganyu yotsuka mbale pamalo ena m'tauni pomwe pankaima malole onyamula alendo odzaona mayiko. Chingerezi chimene chinamukanika m'kalasi anachitola pamenepo, kakope kali m'thumba la epuloni. Alendo ankaseka akaphonya mawu, iye n'kuseka nawo, kenako n'kufunsa, "Nanga mumati bwanji?" Tsiku lina wophika wa lole ina anagwa ndi malungo. Pofunika wolowa m'malo mwake, ena akuyang'anana, Keziah anali atakweza kale mkono.

Zaka ziwiri anaphika m'misewu ya ku Tanzania ndi ku Uganda. Ntchitoyo inali ya nyengo, miyezi itatu ilipo, miyezi inayi palibe, choncho nyumba inali ikadali kutali. Mu 1997 mwini kampani, Mayi Salama, anamuitana.

"Ndikufuna wotsogolera alendo wolembedwa pamwezi. Ku Uganda tili ndi magulu awiri okaona magorila kuphiri. Ukafika ndi gulu pomwe pali nyamazo n'kubwera nalo bwino, ntchito ndi yako."

Kings, dalaivala wa loleyo, anaseka chikhakhali. "Madamu, uyu ndi wa mapoto. Phiri lija si Area 25."

Atafika ku Uganda anakagona pa loji ina m'mphepete mwa nkhalango yowirira. Nyumba zake zinali zansungwi, zofolera udzu, madzi ankatunga a mvula m'mathanki, ndipo magetsi ankachokera ku dzuwa. Nkhungu inkalowa mpaka pakhonde. Keziah anagona pabedi loyalidwa ndi munthu wina kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, ndipo m'mawa anayala yekha chifukwa cha manyazi.

Tsono apa ndi pamene analakwitsa. Kwathu kuno lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza linali litachotsedwa, koma m'mitu ya anthu linali likadalipo. Bambo ake, a Greyson Mhango, mkulu wa mpingo, ankanena poyera kuti mwana wawo sadzavala za amuna iwo ali moyo. Keziah anali asanapondemo mwendo m'thalauza chibadwire. Anatulukira m'mawa uja atamanga chitenje chake bwinobwino, kumapazi kuli nsapato za sofiya.

Mlonda wa nkhalango anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi, muno timavala thalauza n'kulipisa m'masokosi."

"Ine ndayenda mayiko atatu ndi chitenje," anayankha Keziah.

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma makani ali ndi mtengo wake. Atayenda ola limodzi anaponda mumzere wa linthumbu. Inu mukulidziwa linthumbu, silipempha chilolezo. Linakwera miyendo yonse, masamba oyabwa ngati chitedze nawo n'kuwonjezera. Keziah anavina gule wopanda ng'oma pamaso pa alendo asanu ndi mmodzi. Mlonda uja anati phokoso lotere lithamangitsa nyama, ndipo anamubweza.

Anafika pa loji miyendo itatupa, mtima utasweka. Kings anali atakhala pa tayala akumwa tiyi.

"Mwabwerako kale, bwana? Magorila akuti bwanji?"

"Achimwene, mundibwerekeko thalauza lanu lina. Mawa gulu lachiwiri likukwera."

"Langa? Kuti anthu adzati chiyani? Iwe bwerera ku mapoto, usazivute."

Keziah analira, tisabise. Analira kuseri kwa thanki ya madzi poganiza kuti Zipora wayamba sukulu mayi wake osaona n'komwe yunifolomu yake. Atatha anapukuta nkhope, n'kukwera pamwamba pa lole. Kumeneko kunali tenti yakale yong'ambika. Anaitsitsa, anatenga mpeni wa kukhitchini ndi singano yosokera matumba a ufa, n'kukhala pakhonde masana onse. Anayeza thalauza poyala chinsalucho pansi n'kugonapo, akulemba m'mbali mwa miyendo ndi khala.

Linali thalauza loipa, abale. Mwendo wina unali wautali, ndipo likamayenda linkalira ngati thumba la feteleza. M'chiuno analimanga ndi chingwe cha tenti yomweyo. Kutacha Kings ataliona anatsamwa ndi tiyi.

"Sekani mumalize," anatero Keziah. "Ine ndikukwera."

Anakwera maola asanu m'matope, akugwira mizu, akukoka alendo otopa pamkono. Kenako mlonda anakweza dzanja, onse n'kuima. Patsogolo pawo panali banja lonse la magorila, ana akusewera m'mitengo, ndipo pakati panakhala chimphongo cha msana wa imvi chikuthyola mphukira. Mwadzidzidzi chinadzuka, chinadziguguda pachifuwa, n'kuthamangira komwe kunali anthu. Mlendo wina wamkazi anatembenuka kuti athawe, chinthu chimene anawaletsa asananyamuke. Keziah anamugwira lamba n'kumukokera pansi.

"Khalani chete. Maso pansi."

Chimphongo chinaima chapafupi, chinapumira mwamphamvu, kenako chinabwerera ku mphukira zake. Madzulo mlonda anatumiza uthenga kwa Mayi Salama wofotokoza zonse, ndipo ntchito inakhala ya Keziah.

Patatha miyezi inayi anachita lendi zipinda ziwiri pa Nsungwi. Tsiku lokatenga mwana anavala thalauza lomwe lija, dala. Potsika minibasi mavenda anamuimbira malikhweru, ena n'kumutchula mayina osayenera kulembedwa. Iye anadutsa pakati pawo osacheuka. Bambo ake atamuona anakwinya nkhope.

"Keziah, ukufuna kundiyalutsa?"

"Adada, chitenje chinandibweza panjira. Ili ndi limene landipezera nyumba. Mukafuna kutsala, tsalani, koma ine ndikupita chonchi."

Mkuluyo anatenga chipewa chake n'kumutsatira, ali patali ndithu.

Kwa Luckson ankhoswe anali atakhala kale. Luckson atangoona thalauzalo anaganiza kuti wapeza pothawira.

"Taonani nokha, akuluakulu! Mwana wanga akaleredwe ndi mkazi wovala chonchi?"

Ankhoswe anayamba kugwedeza mitu, ndipo Keziah anamva mantha kuposa a kuphiri kuja. Pamenepo a Mhango anakhosomola.

"Chovalachi nanenso sindikuchikonda," anatero mwapang'onopang'ono. "Koma ine ndinalipo tsiku lija. Munatchula nyumba, a Luckson, za zovala simunanene. Nyumbayo ndakaiona ndi maso anga. Itanani mwana."

Zipora anatuluka, wamtali tsopano, mano awiri akutsogolo atachoka. Anaima pakhomo akuyang'ana mlendoyu. Kenako anayandikira, anakhudza chinsalu chokhakhala chija ndi chala, n'kufunsa motsitsa mawu, "Amama, mubwereranso osanditenga?"

"Katenge chikwama chako," anatero Keziah, misozi ili mbwe.

Inu amene mwabwezedwa panjira lero anthu akuseka, lirani ngati kulira kwabwera, palibe mlandu. Koma mukatha, yang'anani chomwe chili pafupi, ngakhale chong'ambika, musoke chanu. Osataya mtima, ndipo musapemphe chilolezo kwa amene akukusekani. Mawa dzukani mukwerenso.