Maliro a mlamu amene sindinkamudziwa

Bambo a kunyumba atapuma ntchito ku esiteti ya tiyi, zonse zimene anawapatsa tinazithira m'njerwa ndi malata. Tinamanga tizipinda kuseri kwa nyumba yathu, pafupi ndi chipatala cha mishoni, kuti tizigoneka anthu odikirira odwala awo. Ukalamba wathu tinautsamiritsa pamenepo, kwina koloza kunalibe.

Tisanadyerere n'komwe, anatulukira bambo wina wa ku khonsolo. Akuti wogoneka anthu kwa masiku ochepa ndiye kuti ali ndi resitihausi, pafunika laisensi, chimbudzi cha amuna pachokha, cha akazi pachokha, apo ayi adzatseka. Ine zonsezo ndikanazitenga kuti?

Ndiye aliyense wobwera ndinkamuuza kuti, "Akakufunsani muziti ndinu m'bale wanga." Nanga lilipo lamulo loletsa munthu kugoneka m'bale wake?

Kenaka kunabwera mayi wina wa ku Mozambiki kudzagona m'zipinda zathuzo, amuna awo ali kayakaya m'chipatala. Chilomwe chawo chinali ngati cha malemu mayi anga, moti mudzi wonse unakhulupirira kuti ndi achemwali anga. Amuna aja anamwalira. Njira yonyamulira maliro kupita kwawo panalibe, ndipo atafunsidwa ngati ali ndi abale pafupi, mayiwo anatchula ine.

Mayo ine! Ndikuchokera kudimba ndinapeza thupi aligoneka m'chipinda chapakati, amayi a kumpingo ayamba kale nyimbo. Ndikanati chiyani? Ndikanire pagulu kuti si mlamu wanga? Ndinangomanga chitenje m'chiuno n'kukhala pansi kulira, ndipo ndinalira zenizeni. Chimanga chathu chinathera pamaliropo, chitseko china anachizula n'kukhomera bokosi, ndipo munthuyo anakagona kumanda kwathu.

Mbiri inawanda kuti m'zipinda zija munagona maliro. Wodwazika ndani angagone m'menemo? Amati n'kudziitanira tsoka. Ndinkaima pachipata cha chipatala kuwanyengerera mpaka mawu kusasa, iwo n'kumayala zitenje zawo pansi pa mitengo. Bambo a kunyumba anasiya kundiyankhula, ankangokhala pakhonde kuyang'ana phiri. Ndinkaopa kuti tidzafa tikupemphetsa.

Titakolola, ndinamva odi pakhomo, ndinkayesa kuti mwina ndi wofuna chipinda. Anali mayi aja, akatundu pamutu, ana awo ali ndondondo pambuyo. Anagwada, misozi ili mbwembwembwe.

"Achemwali, kwathu kulibenso wondisamala," anatero. "Ndabwera kudzakhala kufupi ndi manda a alamu anu."

Anansi anali atasonkhana kale kudzawalonjera. Ndinalowa m'nyumba kukatenga makiyi a zipinda zija.