Amuna Anga Anakana Kubwera Chimanjamanja

Amuna anga ndinadziwana nawo tili Folomu 4 ku Chinsapo. Tinkakhala desiki imodzi chifukwa buku la Chingerezi lolembera mayeso linali limodzi pa anthu awiri. Linali buku lakalekale lakunja, chikuto chinathothoka kale. Linkanena za mnyamata wosauka amene chibwenzi chake chinamusiya n'kukwatiwa ndi munthu wachuma. Mnyamatayo anapita kukasaka chuma kuti mkaziyo abwerere. Chuma anachipezadi, koma mkazi sanabwerere.

Ine ndinkati mnyamatayo anali wopusa. Iwo ankakana. "Anangochedwa basi," ankatero. "Akanalemera msanga, mkazi uja sakanachoka." Tinkatsutsana mpaka pampopi pomwe njira zathu zinkasiyanirana, ine n'kumaona ngati ndi macheza chabe.

Mayeso sitinakhoze bwino tonse awiri. Tinakwatirana, n'kuchita lendi chipinda chimodzi ku Chinsapo komweko, denga lake lodontha. Iwo ankagula nyemba ndi mtedza kwawo ku Dedza n'kumagulitsa mumsika, ine ndinkakazinga mandasi. Kunena zoona, zaka zimenezo sindinadandaulepo. Koma iwo akaona nsapato yanga itang'ambika, ankakhumudwa tsiku lonse.

"Pirirani pang'ono, mayi a mwana," ankatero. "Musandithawe."

"Ndithawire kuti? Wakuuzani ndani kuti ndikufuna kuchoka?"

Ankangoseka, kuseka kwa munthu amene sakukukhulupirira.

Bizinesi inakula. Anasiya kukweza matumba paminibasi, anayamba kuchita hayala lole, kenako anagula yawoyawo. Tinasamukira ku Area 25, nyumba yampanda, geti lachitsulo, pansi matailosi. Ana athu awiri analowa sukulu yolipira. Koma bambo awo ankawaona mwa apo ndi apo, chifukwa nyengo yokolola ikafika ankagona kumidzi. Akabwera ankabwera ndi katundu: firiji, foni, zitenje zomwe zina sindinasoketse n'komwe. Ndikawapempha kuti akhale pakhomo Lamlungu limodzi lokha tipitire limodzi kutchalitchi, ankaloza firiji.

"Izi zimabwera ndi kukhala pakhomo?"

Tsiku lina lole ija inagubuduzika pamtsetse wina pochokera ku Ntcheu, itadzaza soya. Dalaivala anapulumuka, koma soya yense anatha ndi anthu otola, galimoto n'kusanduka zitsulo. Mpamba wonse anali atauika paulendo umenewo. Nyumba tinagulitsa, ine n'kupeza ina yalendi ya zipinda ziwiri ku Area 23. Tsiku losamuka anakweza nawo katundu, anamanga bedi m'nyumba yatsopanoyo, kenako anati akukaonana ndi mnzawo. Sanabwerenso.

Ndinafunsa kupolisi, kuchipatala, ngakhale kumotchale. Patapita miyezi, mayi wina wa kumpingo kwathu anandiuza kuti anawaona ku Mgona akusenza matumba a anthu. Ndinapita. Ndinawapeza pakachipinda kazidina, kuseri kwa malo ogulitsira makala. Anaima pakhomo, osandilowetsa. Kumbuyo kwawo ndinangoona mphasa, ndowa, ndi malaya awiri pamsomali.

"Tiyeni kunyumba, bambo a mwana. Ana akukufunsani."

"Ndibwere ndi chiyani?"

"Ingobwerani inuyo."

"Mukutero lero. Nanga chaka chikatha mudzandiona bwanji? Ndipatseni nyengo imodzi yokolola. Ndidzabwera pagalimoto."

Ndinagwada pamatope pomwepo, azimayi a pamzerepo akuonerera. Amuna anga anayang'ana kumbali mpaka ndinadzuka ndekha.

Kuyambira pamenepo ndinkapita Loweruka lililonse ndi chakudya m'kontena. Ankalandirira pakhomo, n'kuyamba kundifotokozera mitengo ya soya, za munthu wina amene walonjeza kuwabwereka galimoto, za malo omwe awaona ku Area 18. Maso awo ankawala akamanena zimenezo. Ndikatchula ana, ankatsitsa mutu. Mwana wathu wamwamuna anandiperekeza kamodzi kokha. Wamkazi anakaniratu kupitako.

Nyengo yokolola inadutsa, ina inadutsanso. Anayamba kutsokomola ndi kuwonda, kolala ya malaya n'kumalendewera. Zachipatala sankafuna kumva. "Ndikakagona pabedi, mwayi undipeza kuti?" Ndinapempha akuluampingo kuti akalankhule nawo. Anawalandira mwaulemu, panja, n'kuwauza zomwe ankandiuza ine.

M'mawa wina eni kachipinda kaja, mayi achikulire, anandiimbira foni. "Amayi, bwerani msanga. Abambo aja sakutsegula chitseko." Nditafika, azibambo a pafupi anathyola loko. Tinawapeza pamphasa atafunda bulangete, atazizira kale.

Tinakawaika kwawo ku Dedza. Pamaliropo ndinaona kuti achibale awo akundipewa, koma ndinkati ndi chisoni. Titachoka kumanda, mlamu wanga, mchemwali wawo wamkulu, anandiimitsa pamaso pa azimayi onse.

"Munadya nawo za achimwene ali nazo," anatero. "Zitatha munawataya kukafera m'kachipinda ngati galu."

Ndikananena chiyani choti iwo akhulupirire? Ndinatenga chikwama changa, ndinaitana ana, tinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu kukadikira minibasi. Kumudziko mpaka lero amandidziwa motero, ndipo ana akafuna kukaona manda a bambo awo amapita okha.