Anamakomo ndi Rampu Yonyezimira

Ana a m'nyumba za lendi ndiwo anawapatsa dzina loti Anamakomo, chifukwa mayiwa akafika pakhomo amayamba alonjera chitseko. Mwini nyumba atatambasula dzanja, iwo maso ali pa felemu, tepi yoyezera ili kale m'manja. Ntchito yawo ndi yothandiza anthu aulumali kuti azidzichitira zinthu m'nyumba zawo: kulowa, kutuluka, kusamba, kupita kuchimbudzi osanyamulidwa ngati thumba. Amatsogolera kagulu kakang'ono, iwo, kalipentala ndi mtsikana wophunzitsa odwala kugwiritsanso ntchito manja. Akuluakulu anawapatsa ofesi ya m'mwamba, yokwera ndi masitepe okhaokha. Ofesi ya anthu oyenda pa chikuku, m'mwamba! Anamakomo anatsitsa tebulo n'kuliika kunsi kwa masitepewo, pafupi ndi mamopu, ndipo mpaka lero amalandirira anthu pomwepo.

Make Kawailesi anawapeza pamenepo. Kawailesi ndi mwana wake woyamba, mtsikana wa sitandade wani amene miyendo inakana chibadwire, koma pakamwa pake sipazima. Nyumba yawo inali ndi masitepe aatali pakhonde. Zaka zonsezi ankamukweza kumsana, kenaka n'kubwerera chikuku. Tsopano anali woyembekezera, mimba itakula, ndipo anamwino anamuletsa kunyamula cholemera. Mwamuna wake amayendetsa thiraki, kunyumba amabwera ngati mlendo. Apongozi ake aakazi anali atagamula kale kuti mwana akakhale kwa iwo. Make Kawailesi ankakudziwa kumeneko. Kuli kachipinda kakuseri kumene mwana wina wa m'banjamo, wosamva, anakulira osaona sukulu, alendo akabwera n'kumutsekera.

Anamakomo anabwera ndi chikuku chakale chimene sasiyana nacho. Anakhalapo okha n'kuyenda nacho kuchokera pageti mpaka pamasitepe, kenaka m'nyumba monse. Ali mkati moyeza khomo la kubafa anafotokoza za bambo awo, amene anafa ziwalo n'kukhala zaka zawo zomaliza m'chipinda chimodzi, dzuwa akuliona pawindo.

"Tinkati matenda ndiwo awatsekera," anatero. "Chonsecho chinali chitseko chopapatiza. Banja lonse, palibe anaganiza zozula felemu."

Alandilodi anavuta, koma analola kuti pakhonde pamangidwe rampu, kanjira ka simenti kokwera pang'onopang'ono. Anangoti womanga akhale mlamu wawo, chifukwa ntchito zonse za pamalopo amagwira ndi iye. Anamakomo anajambula pansi ndi khala kutalika kwake, kudutsa pa maluwa a mayi landilodi. Anatinso simenti ikadali yaiwisi adutsepo ndi tsache kuti pakhale pokhakhala.

"Zazing'ono izi, madamu," anatero abiluda, mlamu uja.

Anamakomo atapita ku nyumba zina, abiluda anadula rampuyo pakati kuti maluwa a alongo awo apulumuke. Inatuluka yaifupi, yoima ngati chulu. Za tsache anaziseka. "Dzina langa lili pamenepa. Anthu aziti ndani wamanga zokhakhala ngati lilime la ng'ombe?" Anaisalaza, n'kuthira okusaidi, utoto wofiira wa pansi. Mayi landilodi anayamba kuipaka polishi m'mawa uliwonse, n'kumaonetsa anzawo a kutchalitchi kuti pakhomo pawo amaganizira olumala.

Tsiku limene apongozi anabwera kudzaona kunali kutawaza mvula. Make Kawailesi anakankha chikuku kufika pakati, masilipasi n'kuterereka. Chikuku chinabwerera m'mbuyo ndi mwana yemwe. Mayiyo anagwa chogwada n'kuchitchinga ndi phewa, dzanja limodzi lili pamimba. Bondo linasupuka.

"Ndaona ndekha," anatero apongozi. "Mupha ana awiri tsiku limodzi. Mwezi ukatha ndibwera kudzamutenga."

Mwamuna wa Make Kawailesi pafoni anangoti amayi akudziwa chimene akunena.

Make Kawailesi sanauze Anamakomo. Nyumba yoyandikira sukulu siipezeka wamba, ndipo alandilodi sakonda munthu wodandaula. Usiku ankamvetsera ngati mwana wa m'mimba akusuntha, m'mawa n'kumuthokoza mayi landilodi chifukwa cha polishi. Anazithokozadi zinthu zofuna kumupha!

Anamakomo anabwera okha kudzayendera ntchito. Anaima pageti, nayang'ana chinthu chofiiracho nthawi yaitali.

"Amake Kawailesi, bondolo latani?"

"Ndinagwa pochapa."

"Bodza!" anakuwa Kawailesi ali pakhonde. "Tinatsetsereka pa galasi la amalume aja."

Anamakomo anaitanitsa abiluda ndi alandilodi, n'kukankhira chikuku chawo chija patsogolo.

"Abiluda, takhalani apa."

"Ine? Ndili nayo miyendo yanga, madamu, musandiitanire tsoka."

"Miyendoyo isungeni, tikufuna manja okha. Mwana wa sitandade wani azikwera apa tsiku ndi tsiku, inu mwamuna wathunthu mungalephere?"

Anthu a nyumba zoyandikana anali atayamba kusuzumira. Abiluda anapinda malaya, nakhala. Anapalasa mwamphamvu, mateyala akutsogolo n'kukwera. Pakati, mateyala anangozungulira pomwepo. Kenaka chikuku chinatsika chafutambuyo, n'kukawataya m'maluwa miyendo ili m'mwamba.

"Amalume, mwaiwala buleki!" anatero Kawailesi, anthu n'kufa nacho chiseko.

Anamakomo sanaseke. "Inu mwagwera pa maluwa. Mayi woyembekezerayu anagwera pa simenti. Ndinakujambulirani pansi, ndinakuuzani ndi pakamwa. Mumamangira ndani, mwanayu kapena odutsa mumsewu? Igumulidwe."

Alandilodi anatupa. "Nyumba ndi yanga. Wogumula pamenepa ayambe wapakira katundu wake." Anatembenukira kwa Make Kawailesi. "Mayi, inu mwadandaula?"

Make Kawailesi anayang'ana Anamakomo kuti amuyankhire, koma iwo anangomuyandikira n'kulankhula motsitsa. "Ine ndikachoka, wogona muno ndi inu. Mukati tisiye, tisiya, tifune nyumba ina limodzi. Koma sindikunamizani kuti tiipeza msanga."

Mawu a Make Kawailesi anatuluka aang'ono poyamba.

"Ndadandaula, bambo. Ndimangokhala chete chifukwa ndimakuopani. Mukatitulutsa, mwana wanga anditengera. Mukasiya izi chonchi, anditengerabe. Ndiye ndikuopa chiyani?"

Anawerama movutikira, natola hamala m'chikwama cha abiluda, n'kumenya pakati pa rampu. Phaa! Panangotuluka kachibenthu kofiira. Anakwezanso.

Abiluda anadzuka akudzisasa dothi, n'kumugwira dzanja. "Bweretsani, mayi, mungadzipweteke." Anayang'ana alandilodi. "Alamu, zinthuzi n'zoterera ndithu. Msana wangawu wamva." Anayamba kugumula okha.

Alandilodi anayang'ana khamu la anthu, nayang'ana maluwa ophwanyika kale. "Za maluwazo mukambirane ndi mayi," anang'ung'udza, n'kulowa m'nyumba mwawo.

Rampu yatsopano ndi yaitali, yotuwa, yosakongola. Tsache anadutsapo ndi Anamakomo eni ake, atagwada, siketi itadetsedwa ndi simenti, chifukwa anati sakhulupiriranso munthu wovomera msanga. Kalipentala anaika mtengo wogwirira m'mbali. Mayi landilodi anasiya kupereka moni, ndipo chingwe choyanikira zovala anachichotsa mbali ya Make Kawailesi.

Mwezi utatha apongozi anafika ndi chikwama chopanda kanthu, cholongedzamo zovala za mwana. Anamakomo panalibe, anali kusukulu ina kukangana za chimbudzi. Make Kawailesi anaima pakhomo. Kawailesi anatsika yekha kukawachingamira.

"Agogo, bweretsani katunduyo, mwakalamba inu."

Anaika chikwama pamiyendo, natembenuza chikuku, n'kukwera pang'onopang'ono akusimba za aphunzitsi ake, mpaka m'nyumba. Apongozi anatsatira pambuyo atagwira mtengo uja. Anamwa tiyi, anafunsa za sikelo, za ulendo wa mwana sanatchule. Madzulo ananyamuka ndi chikwama chawo.

Pageti anatembenuka. "Tidzaona winayo akabadwa."

"Mudzatipeza, amayi," anayankha Make Kawailesi, n'kukoka loko.