Gemu ya M'katoni ndi Dzanja la Dalitso

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene tinasamuka ku Katete n'kukakhala kwa Mwape, m'boma la Nyimba. Bambo anga anali atamva kuti kumeneko nthaka inali isanatope. Ndinafika pa sukulu yatsopano ndi Chichewa cha kwathu, anzanga onse akulankhula Chinsenga, ndipo kwa milungu ingapo dzina langa linali "wa ku Katete". Mnyamata mmodzi yekha ndiye anandifunsa dzina langa lenileni. Anali Dalitso. Dzanja lake lamanja linapsa pamoto akali wokwawa, zala zitatu zinamatana, choncho ankalembela kumanzele, lamanjalo n'kumalisunga m'thumba la kabudula.

Chaka chomwecho Mabvuto, mwana wa aphunzitsi, analandila kagemu ka m'manja kuchokela kwa amalume ake a ku Lusaka. Kanali kotuwa, kagalasi kake kochepa ngati bokosi la machesi, ndipo m'kagalasimo munkathamanga kamunthu ka timabokosi takuda, kakulumpha maenje. Tinkaunjikana pamapewa pa Mabvuto mpaka iye kumatigunda ndi zigongono. Ine ndinakagwila kawili kokha. Kenako mabatile anatha. Tinawayanika padzuwa, tinawaluma ndi mano, kagemu kanayaka tsiku limodzi n'kuzimilatu. Aphunzitsi anati mabatile a m'nyumba mwawo ndi a wailesi, osati a zibwana.

Kamunthu kaja sikanachoke m'mutu mwanga. Ndinapempha katoni ya sopo pa golosale, n'kuboola zenela kutsogolo kwake. Ndinatola matumba a simenti pamene ankamanga tchalitchi, n'kuwadula m'mizele yaitali, n'kuilumikiza ndi phala la ufa wa chinangwa mpaka inakhala lamba mmodzi wautali kuposa nyumba yathu. Pa lambayo ndinajambula ndi makala ndi bolopeni maenje, minga, ng'ona, ndipo kumapeto mtsinje wa mlatho wothyoka. Zonse ndinazijambula m'timabokosi, chifukwa ndinkaganiza kuti chinthu chosalala si gemu. Lambayo ndinamukulunga pa nsungwi ziwili zoboola katoni. Kamunthu kanali chitsekelo cha botolo chomangilila ku waya. Wosewela ankakweza ndi kutsitsa wayayo, ine n'kumapukusa nsungwi kuti dziko liziyenda pazenela. Aliyense ndinkamupatsa njele zitatu za mtedza. Chitsekelo chikakhudza enje kapena ng'ona, ndinkatenga njele imodzi n'kuidya pamaso pake.

Mwachidule, makina ndinali ine. Phokoso lonse linkachokela m'kamwa mwanga, kupatula nsungwi ya kumanja imene inkalila kwii, kwii ikamapekesa katoni. Ndinayesa kuipaka sopo koma sinaleke.

Tsiku loyamba kuitulutsa, pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa tchalitchi, Mabvuto anaseka mpaka kukhala pansi.

"Makina a ku Katete amadya mtedza!" anatelo. "Nanga akafa tiwayanika padzuwa?"

Koma anasewela, ndipo anagwa m'enje lachitatu, ndipo anapempha kubweleza. Pofika sabata yotsatila panali mzele. Palibenso amene ankanditcha wa ku Katete.

Amene anavutika ndi Dalitso. Wayayo ankafuna dzanja lachangu, ndipo anzathu ankagwililanso katoni ndi dzanja lina kuti isagwedezeke. Iye ankaitsamila ndi chigongono. Masiku oyamba njele zake zinkatha asanaone ngakhale ng'ona. Sanadandaule. M'kalasi ndinkamuona akukweza ndi kutsitsa kaudzu pansi pa desiki, milomo ikuwelenga. Patapita milungu itatu anadutsa minga. Patapita inanso iwili anadutsa ng'ona. Mabvuto ndi anyamata ena awili anali atawoloka kale mtsinje, ndipo nthawi zonse Dalitso akagwela pamlatho Mabvuto ankaomba m'manja n'kunena kuti, "Pepa mwana, bwela chaka chamawa."

Linali Lachitatu, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Dalitso anafika pamtsinje ali ndi njele imodzi. Ndinaona thukuta pamphuno pake. Sindinaganize nthawi yaitali. Dzanja langa linangofewa pa nsungwi, pang'ono chabe, ndipo mlatho wothyoka unabwela mwaulesi ngati ng'ombe yokhuta. Chitsekelo chinakwela, chinatsika tsidya lina.

Anyamata anakuwa. Wina anamunyamula m'chiuno. Ngakhale Mabvuto anati, "Aa, iwe, lelo wadya chiyani?" Ine ndinaimba kanyimbo ka opambana ndi pakamwa, mtima uli mbee, ndikudziona ngati munthu wabwino kwambili. Dalitso anamwetulila pang'ono, n'kundibwezela njele yake, n'kuika dzanja m'thumba.

Pobwelela kunyumba tinali awili, ine nditasenza katoni pamutu. Titafika pa chitsime, Dalitso anayamba.

"Unachedwetsa," anatelo, osandiyang'ana.

"Sindinachedwetse."

"Nsungwi ija imalila kawili munthu akamapuma kamodzi. Pamlatho inalila kamodzi. Linapsa ndi dzanja, Yohane, makutu sanapse."

Ndinakonza katoni pamutu, iye n'kupitiliza:

"Unayamba liti? Pa ng'ona paja unachedwetsanso? Pa minga?"

"Lelo lokha. Ndikulumbila."

Zinali zoona. Koma ndinali nditangonama kumene, ndipo ndinaona pankhope pake kuti mawu anga analibenso kulemela. Milungu isanu ya kaudzu pansi pa desiki ndinali nditaithila dothi.

"Ndikanawoloka ndekha," anatelo. "Mwina Lachisanu, mwina sabata yamawa. Tsopano sindidzadziwa."

Anapatukila njila ya kwawo. Sanauze aliyense, ndipo mpaka tinamaliza sukulu anyamata ankamuwelengela pakati pa owoloka mtsinje. Koma pansi pa mango sanabwelenso. M'kalasi ankandibweleka labala ndikapempha, ankandiyankha ndikamufunsa, basi.

Madzulo a tsiku lija ndinapeza bambo anga akusenda mtedza pakhonde, ndipo ndinawafotokozela zonse, ndikuyembekeza kuti anena kuti mnzangayo ndi wosayamika. Anamvetsela osasiya ntchito.

"Anakupempha?" anafunsa.

"Iyayi."

"Ukalanda munthu katundu pamutu asanakuuze kuti watopa, wamuuza kuti alibe khosi. Ndipo iwe unamulanda mobisa." Anapitiliza kusenda.

Ndinayesa kukonza. Ndinauza Dalitso kuti abwele, apukuse Mabvuto, ine ndikhale patali. Anati zikomo, ali ndi mbuzi zoti akatsekele. Mvula itayamba tonse tinapita kumunda, katoni inanyowa pakhonde, phala lija linaitana mphemvu, ndipo gemu inathela pomwepo.

Ndinakumana nayenso zaka zoposa makumi awili zitadutsa, pa Nyimba, pomwe mabasi amaima kuti anthu agule nthochi. Anali ndi shopu yokonza mafoni. Ndinaima pakhomo ndikumuona akutsegula foni ndi dzanja lamanzele, lamanja litapanikiza pa tebulo, mwaluso loti ine sindingathe ndi manja awili. Anandizindikila msanga. Anaimilila, anandipatsa moni wa ulemu wonse, anafunsa za amai ndi ana. Anandiitana "a Banda". Ine ndinamuitana "a Daka". Basi imene ndinakwela inaliza hutala ndisanapeze poyambila nkhani ya mlatho, ndipo kunena zoona sindikudziwa ngati iye amaikumbukila n'komwe. Mwina ndine ndekha amene ndinaisenza.

Lelo ndimagwila ntchito m'sitolo ya zomangila ku Petauke. Loweluka masana ndi Lamlungu tikachoka ku tchalitchi ndimakhala pa laputopu yakale n'kumapanga timagemu ta timabokosi, tonga ta masiku aja. Palibe amene ananditumapo. Ndinaphunzila ndekha, pang'onopang'ono, magetsi akakhalapo. Kamodzi kokha ndi kamene ndinakamaliza, patatha zaka zinayi, n'kukaika pa intaneti kuti aliyense akatsitsile pafoni kwaulele. Anthu amene anakasewela si ambili, ndipo mwa ochepawo angapo analemba kuti n'kovuta kwambili.

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzila za makompyuta ku Lusaka, anandionetsa njila. Anati, "Amalume, n'zosavuta. Munthu akafa katatu pamalo amodzi, gemu izichedwa yokha pang'ono. Sadziwa. Opanga ambili amatelo, anthu amasangalala." Anandilembela mizele isanu ndi umodzi ya malangizo a kompyuta yochitila zimenezo. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, ndinamuthokoza, ndipo sindinaiike. M'malo mwake ndinatha miyezi iwili ndikuwonjezela tsamba loyamba, pomwe wosewela amasankha yekha liwilo, amasankhanso ngati akufuna kusewela ndi chala chimodzi. Chimene wasankha chimalembedwa pakona pa galasi mpaka kumapeto. Mwanayo akuti ndadzivutitsa pachabe. Mwina akunena zoona. Msana umandiwawa masiku ano ndikakhalitsa pampando.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti tsiku lija sindinamvele chisoni Dalitso yekha. Ndinatopa ndi kumuona akugwa, ndipo ndinafuna kuti kugwako kuthe kuti ine ndipume. Iye anali asanatope. Kuthandiza munthu si kulakwa, ndipo akanati "chedwetsa pang'ono" ndikanachedwetsa, tonse tikudziwa. Koma ndinamusankhila ndekha, mumtima mwanga, kuti sangathe. Anyamata ena onse ankamuseka poyela, iye n'kumabwelabe tsiku ndi tsiku. Amene anamuchotsa pansi pa mango ndi ine, mnzake.