Tulo ta alamu pansi pa bogi

Nkhondo itatha ku Mozambiki, ine ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, tinachoka ku Chiringa kukasaka ntchito m'dzikolo. Tinaipeza pa fakitale yocheka matabwa, kufupi ndi doko. Chilomwe chathu ndicho chinatilowetsa pageti, poti kumenekonso amachiyankhula. Kanjanji kena kankapatuka pa njanji yaikulu n'kudzathera m'bwalo la fakitaleyo. Sitima inkasiya mabogi pamenepo, ife n'kumapakira matabwa.

Kwathu njanji kulibe. Chimene tinkadziwa n'chakuti lole ikaima pachitunda umatchinga tayala ndi mwala. Eni fakitale ankatchinga mawilo a mabogi ndi chipika chosongoka, poti kanjanjiko kanali kotsetsereka pang'ono. Tsiku lina chipikacho chinang'aluka, mnzathu wa ku Mkhumba n'kuikapo mwala, osauza munthu.

Alamu anga tulo anali nato topusa. Masana kukatentha ankalowa pansi pa bogi, n'kugona chafufumimba pakati pa njanji. Ndinkawanena, iwo amvekere, "Mthunzi waulere mukuuchitira nsanje?"

Tsikulo ndikudya chinangwa ndinamva mwala uja ukuphwanyika ngati mtedza wokazinga. Mabogi odzaza matabwa anayamba kusuntha, mwakachetechete, opanda injini. Alamu anali pansi pa bogi yakutsogolo, dzanja atayala pafupi ndi chitsulo cha njanji.

Ndinafuna kukuwa, koma ndinadzigwira. Munthu ukamudzidzimutsa amadzutsa mutu, kapena amathawira kunja, kumene kuli mawilo. Anzathu amene anayamba kuthamanga akukuwa ndinawaopseza ndi chibakera. Ndinagwada m'mbali mwa njanjiyo, n'kumayankhula ngati tikucheza pakhonde.

"Alamu, musadzuke. Kokani dzanjalo pang'onopang'ono."

Anatsegula maso. Anaona zitsulo zikudutsa pamwamba pawo, ndipo ndinaona mapewa awo akukwera.

"Pansi mutuwo! Mukadzuka, mlongo wanga ndikamuuza chiyani?"

Anakanikiza tsaya pa miyala. Dzanja linabwerera. Mabogi anayamba kuthamanga, mawilo akundiphimba nkhope yawo n'kundionetsanso. Ndinkangoyankhula zilizonse, za chimanga chawo, za njinga yanga imene anaithyola sipoko. Pansi pa bogi yomaliza pankalendewera tcheni chokhala ndi ngowe. Chinawakola malaya, ndinamva nsalu ikung'ambika, thupi lawo n'kukokeka pang'ono.

Mabogi anakagunda geti n'kuima. Alamu anali gone pomwepo, msana uli pamtunda, magazi akuyenderera m'nthiti. Ndinawaitana, osayankha. Ndinawatukwana mawu amene sindingawalembe pano, misozi ikutsika.

Kenaka, nkhope ikadali pa miyala, anafunsa motsitsa mawu, "Alamu, yatha?"

"Yatha. Dzukani."

Ndinayesa kuwadzutsa, koma nanenso ndinangogwera pomwepo. Anzathu anachita kutinyamula tonse awiri.