Mkondo wa Sipoko ya Njinga

Ndikadutsa pa okonza njinga kwa Mponda, fungo la chubu chotentha limandikumbutsa bambo anga. Mkondo wawo wobayira nsomba unali sipoko yonola, yoponyedwa ndi mphira wa chubu. Anali mkamwini wopanda bwato, ndiye amalume anga awiri, eni makoka, ankawaseka: "Alamu, lero mukalasa usipa ungati?"

Ine ndinkakhala pamwala, kuyang'ana mapazi awo akuzimirira m'madzi obiriwira. Ankakhalitsa pansi mpaka chifuwa kundiwawa ine, kenako n'kuvuuka ndi kampango, nthawi zina magazi akuchucha m'khutu, koma akumwetulira. Kunyumba sankamwetulira. Ndinatsimikiza kuti pansipo ali ndi mkazi wina ndi ana ena, ndipo tsiku lina sadzabwerera.

"Ababa, kumeneko kuli ndani?" ndinafunsa ndikulira.

"Kulibe munthu, mwanawe. N'chifukwa chake ndimapitako."

Amalume ajawo, anthu oti kungomiza nkhope m'beseni ankatsamwa, ndiwo ankayamba kusamba m'manja kampango akapsa. Lero ndikudziwa kuti bambo ankalolera kuboola makutu awo kusiyana n'kumamvera chipongwe cha anthu odya zobaya ena.